Kodi mavuto amatsuka munthu?

Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Marichi 2023, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, m'maminibasi munkamveka mawu akuti, "Tachimwa, Mulungu wakwiya." Maganizo amenewa Yesu anawatsutsa kalekale. Pa Luka 13 akutchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ndipo akukana kuti anali olakwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Anzake a Yobu nawo anachita bwino masiku 7 amene anangokhala pansi duu. Atayamba kumufufuza tchimo, Mulungu anawakwiyira.

Nanga bwanji 1 Petro 4 imalumikiza kuzunzika ndi kusiya tchimo? Petro ankalembera Akhristu a ku Ponto, Galatiya ndi madera oyandikana nawo, amene anzawo ankawanyoza chifukwa chosiya maphwando a uchidakwa ndi mafano. Awo anali mavuto ochita kusankha. Taganizirani kalaliki amene wakana chiphuphu: anzake amusala, kukwezedwa pantchito kwamudumpha, mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Akapirira zonsezo osagonja, envulopu yotsatira siimukokanso mtima ngati kale, pakuti chimene ankachiopa chamugwera kale ndipo akadali moyo.

Mavuto osasankha ndiwo ovuta kuwafotokoza. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, koma sunachoke, ndipo iye anauona ngati womuletsa kudzikuza. Poyendera odwala ndi anzanga a mumpingo ndinaonapo bambo wina wamatama, sitiroko itamupha dzanja, akumwetsedwa phala ndi mkazi wake amene iye ankamunyoza pagulu. Phala likuyenderera pachibwano, anati, "Mayi, mundikhululukire." Koma ndinaonanso wina amene matenda omwewo anamuwawitsa mtima, mpaka anatuma ana kwa sing'anga kukaombeza, azakhali ake okalamba n'kutchedwa mfiti. Ululu paokha suyeretsa munthu. Umangovundukula chimene mtima unatsamira, kenako mwiniwake amasankha kulapa kapena kuuma mtima.

Chimene chimandinyansa n'kumva mayi womenyedwa ndi mwamuna wake akuuzidwa kuti, "Pirirani, ndi mtanda wanu." Kupirira kotero sikugonjetsa tchimo, kukungonenepetsa tchimo la womenyayo. Paulo yemweyo, pa Machitidwe 22, atamangidwa kuti akwapulidwe, anauza kenturiyo kuti iye ndi nzika ya Roma, ndipo ofuna kumukwapulawo anamuleka nthawi yomweyo.