Khungu la mpando wa pulayiwudi likamatuka: mafunso ndi mayankho

Funso: Kodi chimene chimamatuka pamwamba pa mpando kapena patebulo la makina osokera akale a Singer ndi chiyani?

Yankho: Khungu limenelo amisiri amati viniya: thabwa lopyapyala kwambiri, nthawi zambiri losakwana milimita imodzi. Pulayiwudi yense ndi timatabwa totere tomatidwa ndi guluu, kena mizere yake chotalika, kotsatira chopingasa. Akatipanikiza mu chikombole, mpando umatuluka wopindika kale, monga mipando yopangidwa ndi Charles ndi Ray Eames imene inayamba kugulitsidwa ku America mu 1946. Kuno pulayiwudi amapangidwa ndi Raiply ku Chikangawa, koma ndi wathyathyathya, wosathandiza pamalo opindika.

Funso: Nanga n'chifukwa chiyani kuno kwa Mbenje ku Nsanje katundu wotere sachedwa kuonongeka?

Yankho: Madzi ndi dzuwa. Chigumula cha Januwale 2015, namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 zinalowetsa madzi m'nyumba zambiri za ku Nsanje. Thabwa likamwa madzi limafufuma, guluu n'kufooka. Kenako mwini wake amaliyanika padzuwa la m'chigwa cha Shire, lomwe nthawi zina limapyola madigiri 40. Pamwamba pamauma msanga m'kati mukadali chinyezi, khungu lija n'kusweka. Dzuwa ndilo limamalizitsa zimene madzi anayamba. Pukutani matope, muumitse pamthunzi podutsa mphepo, ngakhale papite milungu iwiri.

Funso: Pamene patukusira ngati thuza, nditani?

Yankho: Yambani ndi simbi, ngakhale ya makala, yongofunda. Yalani nsalu, sitani pang'ono, mutsamiritse chinthu cholemera. Guluu wakale wa zikopa amasungunuka ndi kutentha n'kugwiranso. Wa m'fakitale wamakono samva simbi. Zikatero chekani thuzalo ndi lezala motsata mizere ya thabwa, palani fumbi la guluu wouma, mulowetse guluu woyera wa matabwa ndi jakisoni watsopano. Finyani kuti wotsala atuluke, mupukute ndi kansalu konyowa, muphimbe ndi pulasitiki kuti chopanikizira chisamatirire.

Funso: Pamalo opindika ndipanikiza bwanji, popeza thabwa loongoka silikhalapo?

Yankho: Apa ndi pamene luso limaonekera. Thirani mchenga wouma m'kathumba. Mchenga umatsata mapindikidwe onse a mpando. Ikani kathabwa pamwamba pake, mukulunge zolimba ndi malegeni a chubu cha njinga, musiye mpaka mawa lake. Misomali ayi: imang'amba khungu, ndipo dzimbiri lake limadetsa thabwa. Guluu womatira nsapato nayenso sindimuvomereza, chifukwa akagwira molakwika simungasunthenso chigamba.

Funso: Nanga ngati chidutswa chinatayika?

Yankho: Tengani chigamba kunsi kwa mpando womwewo, kumene maso safika, kapena ku mpando wina wotheratu. Chiikeni pabalapo mizere ikuyang'ana kumodzi, mudule zonse ziwiri pamodzi kuti zilingane. Dulani chosongoka mbali zonse ziwiri, pakuti mzere wodula chopingasa umaonekera patali.

Funso: Ndikwecha ndi sandipepa kuti pasalale?

Yankho: Ndi dzanja, sandipepa wosalala, pang'ono pokha, kenako vanishi. Mukalimbikira mubowola khungu n'kufika pathabwa la pansi, ndipo bala limenelo silibisika. Koma ngati timatabwa tam'kati tonse tasiyana, kapena chiswe chinadyamo, musataye guluu wanu. Ngati miyendo ndi yachitsulo, isungeni, kalipentala akuikireni thabwa latsopano.