Mkono wa waipa sufuna mphamvu

Mukafuna kudziwa ngati wopenta galimoto yanu ndi waulesi, yang'anani m'munsi mwa galasi lakutsogolo. Mukapeza timadontho ta penti ya bodi pa mikono ya mawaipa, dziwani kuti anangoikulunga ndi nyuzipepala n'kuyamba kupopera. Ambiri amaopa kuichotsa, ndipo manthawo ali ndi chifukwa chake: galasi losweka limadya phindu lonse la ntchitoyo.

Ife owongola ndi kupenta mabodi kuno ku Chinsapo timalandira kwambiri Sienta, Vitz, Probox ndi Honda Fit zochokera ku Japan, zolowera ku Songwe. Zimafika zitayenda kale zaka zambiri, dzuwa lathu la mu October n'kudzamalizitsa. Penti yakuda ya pa mkono wa waipa imatuwa, imasendeka, dzimbiri n'kulowa. Mwini wake amakumbukira mawaipa mvula ikagunda mu November, kapena COF ikatsala pang'ono kutha.

Mkono uja umakhala pa kamtengo kachitsulo kotuluka pansi pa galasi. Kamtengoko n'kakakulu m'munsi, kowonda kumutu, ndipo kali ndi timano ting'onoting'ono. Tsinde la mkono nthawi zambiri ndi la aluminiyamu, wofewa kuposa chitsulo, choncho mukamanga nati timanoto timadzilumira tokha m'kati mwake. Mmene khasu limalimbira mu mpini, chilowerenilowereni, ndi mmenenso mkonowo umagwirira. N'chifukwa chake nati ikachoka mkono umangoti njo pomwepo, munthu n'kuyamba kufunafuna bauti ina yobisika. Palibe ina.

Musanagwire sipanala, yatsani mawaipa n'kuwazimitsa pa switchi yake kuti agone pamalo pawo, kenako muzimitse galimoto. Matani katepi ka pepala pagalasi motsatira pamene labala wagona, mbali zonse ziwiri. Lembaninso kuti uwu ndi wa dalaivala, uwu ndi winawo, chifukwa amasiyana kutalika ndi kapindikidwe. Pa galimoto zambiri mufunika kutsegula boneti kuti mufike pa nati. Kachipewa kapulasitiki kophimba natiyo kamatukulidwa ndi sikuludilaiva yaing'ono, ndipo nati yake kawirikawiri imakhala ya 12, 13 kapena 14. Pomasula, dzanja lina ligwire mkono, kuti mphamvu yanu isapite ku mota ndi zitsulo zoyendetsa za pansipo.

Apa ndi pamene anthu amaonongera. Wina amatenga sikuludilaiva yaikulu, n'kuitsamiritsa pa pulasitiki kapena m'mphepete mwa galasi, n'kumatukula. Galasi m'mphepete ndi pofooka. Simumva kanthu lero, koma mukagunda dzenje mawa mng'alu umayamba kuyenda. Chimene chikukanikiza mkono pa kamtengoko mopendekera ndi sipuling'i ya pa mfundo, ija imapanikiza labala pagalasi. Ndiye dinani mkonowo pa mfundo pomwepo ndi chikhato, kapena uimikeni ngati boneti ikulola, n'kumagwedeza tsinde pang'onopang'ono. Ambiri amatuluka motero. Wokanika, upopereni WD-40, mupite mukamwe tiyi, mubwerere. Ukakanabe pali kachida kokokera kamene kamakola pansi pa tsinde n'kumakankha mutu wa kamtengo. Kochotsera matemino a batire kamagwiranso ntchito imeneyi. Nati muisiye itagwira pang'ono kumutu kuti mazinga asaphwanyike.

Pali chizolowezi china m'magalaja athu chothira buleki fuluwidi pa nati iliyonse ya dzimbiri. Pansi pa galimoto sinditsutsa. Koma pano ayi, akuluakulu. Mafuta amenewa amadya penti, ndipo dontho limodzi pa boneti ndi ntchito ina yoti mulipire. Chinanso, mukachotsa labala mkono udakali pagalimoto, yalani chiguduli chopindapinda pagalasi. Chitsulo chopanda labala chikabwerera ndi mphamvu ya sipuling'i chimaswa galasi nthawi yomweyo.

Kupenta kwenikweni n'kosavuta. Tsukani ndi sopo, palani ndi sandipepa, yokhakhala pamene pali dzimbiri, kenako ya 400 kuti pasalale. Pukutani ndi thinala. Pa aluminiyamu penti payokha siigwira, imafuna pulaima yotchedwa etch primer, apo ayi mvula yoyamba idzaisenda. Tsekani ndi tepi bowo lolowa kamtengo lija. Kolekani mkonowo pa waya, mupopere mopyapyala kawiri kapena katatu, kudikira kuti uume pakati. Ine ndimapopera m'mamawa, mphepo isanadzutse fumbi la m'misewu yathuyi, chifukwa masana fumbi lonse limamatirira pa penti yaiwisi. Pa mfundo musachulutse, ingaume gwa.

Za mtundu ndilibe zokambirana. Ukhale wakuda wosawala. Anyamata ena amandipempha siliva kapena mtundu wa bodi kuti galimoto ioneke yachilendo, ine ndimakana. Opanga galimoto anasiya dala mikono yonyezimira chifukwa imabweza dzuwa m'maso mwa woyendetsa. Yesani kuchoka m'tauni madzulo mu msewu wa Likuni, dzuwa lili kumaso, akabaza ndi ana asukulu ali mbali zonse, mumve ngati mungafune chinanso chokuthobwani.

Mkono wakumbuyo pa galimoto zambiri zazing'ono ndi wapulasitiki. Ukafika pofumbutuka ndi dzuwa, kuupenta n'kutaya ndalama. Kafuneni wina ku Malangalanga.

Pobwezera, tsukani timano ta kamtengo ndi bulashi ya waya, muike labala pa katepi kaja, ndiyeno mumange. Nati ilimbe, koma musaikwere ndi mpaipi. Ikakhala yosalimba, timano timapala aluminiyamu mpaka bowo kusalala, ndipo mudzamva mota ikulira mkono uli chigonere, pakati pa mvula. Mukamaliza thirani madzi pagalasi, chifukwa labala pa galasi louma la fumbi amalikanda, n'kuyatsa. Muonetsetse kuti wa dalaivala sakumenya chipilala cha m'mbali akakwera, sakugundana ndi mnzake, ndipo onse akatsika akugona pamene munaika tepi.