Agogo, Zigamba ndi Masamba Atsopano

Lero tikamba za moyo wa tsiku ndi tsiku wa agogo athu, ndipo tiyang'ana ku Chiosya, m'boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning ndipo lili m'malire a dziko lino ndi Zambia ndiponso Mozambique. Funso lathu ndi ili: kodi ntchito zing'onozing'ono za agogo, monga kusoka zigamba ndi kuyenda ndi adzukulu, zili ndi phindu lanji pa mudzi?

Tiyambe ndi nyengo. Mwezi wa Ogasiti ukamapita kumapeto, chisanu chimayamba kuchepa ndipo mphepo ya mwera imaleka kuluma. Chimanga chili m'nkhokwe, mtedza umene Mchinji imatchuka nawo wakumbidwa, ndipo mango achita maluwa. Mitengo ya mombo ndi tsamba imatulutsa masamba atsopano ofiira ngakhale mvula isanagwe. Imatha kutero chifukwa mizu yake imafika pansi pamene pali chinyezi, komanso inasunga chakudya m'dzinja lapitalo. Kufiirako kumateteza masamba anthete ku dzuwa mpaka atakhwima ndi kubiriwira. Iyi ndiyo nyengo imene munthu wa kumudzi amapezako mpata, pakati pa kukolola ndi kusosa, ndipo ndi pamene agogo amatulutsa singano ndi ulusi.

Chofunda cha zigamba chimasokedwa motere. Agogo amasonkhanitsa zitenje zakutha, malaya ong'ambika ndi tizidutswa totsala kwa telala. Amazichapa, nadula mbali zimene zikadali zolimba, kenaka amazilumikiza chimodzichimodzi mpaka zitakhala nsalu yaikulu. Pakati amaika bulangeti lakale, pansi chitenje china, ndipo amasoka zonse zitatu pamodzi m'mizere kuti zisamasunthe. Chofunda chotere chimatenthetsa chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pa nsaluzo sulola kutentha kwa thupi kuthawa. Motero nsalu zitatu zimene payokha iliyonse ikanatayidwa zimasanduka chinthu chosunga mwana m'chisanu cha Juni ndi Julaye chaka chamawa.

Luso limeneli limapezekanso kutali. Kumudzi wa Gee's Bend, m'chigawo cha Alabama ku America, amayi akuda, zidzukulu za akapolo, ankasoka zofunda kuchokera ku zovala zakutha za kumunda chifukwa cha umphawi. M'chaka cha 2002 zofunda zawo zinaonetsedwa m'nyumba ya zaluso mumzinda wa Houston, ndipo dziko linazizwa ndi kukongola kwake. Tisapeputse tsono ntchito ya manja imene tikuiona pakhonde pathu.

Chofunda cha zigamba chilinso ngati buku la banja. Mdzukulu akaloza chigamba nafunsa kuti, “Agogo, nanga ichi?” amauzidwa kuti nsaluyo inavalidwa pa ukwati wa amayi ake, kapena kuti amalume ake anaigula ku Chipata. Pakutero mwanayo amadziwa abale ake, amoyo ndi omwe anatsogola. Mwa Achewa agogo ndi mdzukulu amaseka momasuka, mwakuti agogo aakazi amatcha mdzukulu wamwamuna “amuna anga”. Chifukwa cha kumasukaku, mwana amafunsa agogo zinthu zimene sangayerekeze kufunsa bambo kapena mayi ake. N'chifukwa chake kale atsikana ankagona ku kuka, kwa agogo, kumene ankamva nthano ndi malangizo usiku.

Tsopano tione za kuyenda. Agogo a kumudzi sayenda ulendo wopanda cholinga. Amapita kudimba kukaona mpiru ndi tomato, kukazonda wodwala, kutchalitchi kapena kumsika, ndipo kawirikawiri kamdzukulu kamatsata pambuyo. M'njiramo mwana amaphunzira maina a mitengo, malire a minda ya mbumba yake, ndi malo amene munthu sadulapo mtengo, monga kumanda. Pa mtengo wa mombo amauzidwa kuti khungwa lake limapatsa luzi, ndiponso kuti nsalu za m'sitolo zisanachuluke makolo ankasula makungwa otere kukhala chiwondo chovala ndi kufunda. Apa mwana amaona kuti chofunda cha agogo ndi mtengo wa m'tchire zili pa mzere umodzi wa mbiri.

Kuyendaku kumathandizanso thupi la agogo eni ake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, linati okalamba azigwiritsa ntchito thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata. Kuyenda ndawala mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu, kwakwana kale. Kumalimbitsa miyendo ndi mtima, ndipo kumachepetsa ngozi ya kugwa.

Komabe, omvera, tisabise kuti moyo wa agogo unasintha. Matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'Malawi muno m'chaka cha 1985, anatenga makolo ambiri a msinkhu wogwira ntchito, ndipo agogo amene ankayembekeza kupuma anayambanso kulera, kulima ndi kufuna yunifolomu ya sukulu. Ena akulera adzukulu chifukwa makolo awo anapita kukafuna ntchito ku Lilongwe, m'maesiteti a fodya kapena ku Joni. Boma la Mchinji ndilo linayamba kuyesa ndondomeko ya Mtukula Pakhomo m'chaka cha 2006, yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo ambiri mwa mabanjawo anali a okalamba olera ana amasiye. Agogo wotopa ndi njala sakhala ndi mpata wosoka kapena wokamba nthano. Choipa koposa, m'madera ena okalamba amanamiziridwa ufiti ndi kuzunzidwa, chikhalirecho ndi omwewo amene asunga ana a mudzi.

Nanga ife tichitepo chiyani? Zofunika si zazikulu. Maso a munthu akamakalamba kawirikawiri amavutika kuona pafupi, choncho magalasi owerengera angabwezere agogo ku singano yawo. Muwagulire ulusi, muwasungire nsalu zakutha m'malo mozitentha, ndipo muwafolerere nyumba mvula isanayambe. Ana anu muwalole apite kwa agogo pa tchuthi, ayende nawo kudimba ndi kuwalowetsera ulusi pa singano. Akale anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma ngati anthu salisamala.

Masamba a mombo akayamba kufiira chaka chino, kumbukirani kuti nthawi yokaona agogo yakwana, makasu asanatuluke.