NKHUYU ZIKHOZA KUTSEKEMERETSA CIKONDAMOYO

Kwa anthu ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa, nkhuyu ndi cakudya ca anyani, mbalame ndi anyamata obusa ng'ombe. Munthu wamkulu amacita manyazi kuwerama patsinde pa mkuyu ndi kutola zipatsozi. Komatu pamene shuga, mazira ndi mkaka zifuna ndalama zambiri, amai a pakhomo ayenera kuuyang'ananso mtengo umenewu, pakuti zipatso zace zikhoza kutsekemeretsa cikondamoyo cimene mulibe dzira, mkaka kapena batala.

Mkuyu wa kwathu ukonda kumera m'mbali mwa mitsinje monga Luangwa, ndipo umabala zipatso zace m'magulumagulu pathunthu ndi panthambi zikuluzikulu. Nkhuyu zouma zimene zigulitsidwa m'masitolo a mu Lusaka ndi za mtundu wina. Izo zicokera ku mtengo umene wakhala ukulimidwa kuyambira kale lomwe m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndipo dziko la Turkey ndilo liposa onse pa ulimi umenewu. M'magalamu 100 a nkhuyu zoumazi muli magalamu pafupifupi 48 a shuga wacibadwa, magalamu 10 a zakudya zokhakhala zimene ziletsa kudzimbidwa, ndiponso kashiamu wolimbitsa mafupa. Tinene zoona: za kwathu sizitsekemera kufika pamenepo, motero zifuna kuthandizidwa ndi nthoci zakupsa.

Cimene cinyansa ambiri ndi tizilombo topezeka m'kati. Nkhaniyi njosabvuta kuimvetsa. Maluwa a mkuyu saoneka kunja ai, ali m'kati mwa cipatso. Timavu tating'ono kwambiri timalowa pa kabowo ka kunsonga, tinyamula ufa wa maluwa ndi kuikira mazira momwemo. Popanda timavuti mkuyu sungabale mbeu. Cofunika ndico kusankha nkhuyu zakupsa bwino, kung'amba iriyonse pakati, kukungunthamo tizilombo, kutaya zoola ndi kutsuka zotsalazo m'madzi oyera. Kenaka ziyanikidwe pathandala kwa masiku angapo kufikira zitauma, zitapfundidwa ndi kansaru kopyapyala cifukwa ca nchenche. Ana acenjezedwe kuti asamathyole zosapsa, pakuti utomoni wace woyera umayabwa pakhungu.

Tsiku lophika likafika, tengani kapu 1 ya nkhuyu zouma, muziduledule ndi kuzibviika m'madzi ofunda kwa theka la ora. Ici musacidumphe. Mlembi wa nkhani ino anacidumpha pa ulendo woyamba, ndipo banja lace linatafuna tizidutswa touma ngati cikopa. Madzi obviikirawo musataye, cifukwa kutsekemera kwina kuli momwemo.

M'mbale yaikulu sakanizani makapu 2 a ufa wa mgaiwa, kapu 1 ya ufa wa tirigu, theka la kapu ya nsinjiro, kasupuni 1 ka soda ndi mcere wa pa nsonga ya zala. M'mbale yina kanyani nthoci 3 zakupsa kwambiri, zija zayamba kuda khungu, muthiremo masupuni 4 a mafuta ophikira ndi madzi a ndimu limodzi. Nthoci ndizo zigwira nchito ya dzira, kumanga ufa kuti usagumuke. Nsinjiro zibweretsa mafuta ndi pfungo zimene ena amazifuna mu batala. Ndimu nalo siliri la cabe: kuwawasa kwace kukakumana ndi soda kutulutsa mpweya umene utukumula cikondamoyo, ndipo kucotsa kuwawa kwa soda kumene kumatsala pa lilime.

Phatikizani zonse pamodzi ndi nkhuyu zija, mukuthira madzi obviikira pang'onopang'ono kufikira phalalo litagwa mocedwa kucoka pa mthiko. Musatakase nthawi yaitali, ndipo musaliike pambali kudikira moto. Mbaula ikhale itayaka kale, cifukwa mpweya uja sucedwa kutha.

Dzozani mafuta m'mphika wacitsulo, thiranimo phalalo ndi kubvundikira. Pansi pakhale makala owerengeka okha, ambiri akhale pamwamba pa cibvundikiro. Apa ndipo ambiri amalakwa, pakuti shuga wa m'nkhuyu sacedwa kupserera, ndipo moto waukulu wa pansi udetsa cikondamoyo m'kati musanapse. Mphindi 40 zikwanira. Amene ali ndi uvuni wa magetsi aike pa madigiri 180. Lasani mpeni pakati. Ukatuluka wouma, phulani ndi kudikira kuti cizizire musanadule.

Odwala matenda a shuga asanyengeke ndi mau akuti simunathiridwe shuga wa m'sitolo. Nkhuyu zouma ndi nthoci ziri ndi shuga wao, motero iwo adye kacidutswa kakang'ono, ndipo ayambe afunsa a ku cipatala. Cikondamoyo cotere cimakhala cofewa ndi cacinyezi, conco m'nyengo yotentha cisapitirire masiku awiri cisanathe. Nkhuyu zouma zotsala zisungidwe m'citini cotsekeka bwino, ndipo muziziturutsa padzuwa nthawi ndi nthawi kuti zisacite nkhungu.