Mazinga a Pulagi Akapotoka

Pulagi, imene ambiri kuno timaitcha vela, ndiyo imayatsa petulo m'kati mwa injini ya njinga yamoto. Imalowa pa bowo la pamutu wa injini. Bowolo lili ndi mazinga, monga a nati.

Pulagi ndi ya chitsulo cholimba. Mutu wa injini zambiri ndi wa aluminiyamu, amene ndi wofewa. Tikalowetsa pulagi mopendekeka n'kuikakamiza ndi sipanala, cholimba chimadya chofewa. Mpweya umayamba kutulukira m'mbali, njinga imachepa mphamvu, ndipo tsiku lina pulagi imafwamphuka tili pa njira, matumba a mbatata ali kumbuyo, msika uli kutali.

Koma tisathamangire kugula mutu wina. Kawirikawiri amaonongeka ndi mazinga awiri kapena atatu apamwamba okha. Am'munsi amakhala adakali abwino. Ntchito yathu ndi kuwongola apamwambawo kuti akumane ndi am'munsi.

Chida chake ndi tapu, kachitsulo kosema mazinga. Tapu ikhale yofanana ndi pulagi. Honda C70 imadya pulagi ya mamilimita 10. Honda CG125 imadya ya mamilimita 12. Injini zambiri zosakaniza oyilo ndi petulo zimadya ya mamilimita 14.

Njira yabwino koposa ndi kumasula mutu wa injini n'kulowetsa tapu kuchokera m'kati. Kumeneko mazinga ndi athunthu, ndipo amaitsogolera tapu mowongoka. Gasiketi yatsopano idzafunika, koma mtengo wake sungafanane ndi wa mutu.

Ngati sitimasula mutu, tiyembekeze injini izizire. Tichotse dothi kuzungulira bowo. Pisitoni ikhale m'munsi pang'ono, mavavu ali otseka, kuti tapu isagunde kanthu. Tipake girizi wambiri m'mizere ya tapu, chifukwa ndiye amagwira tizidutswa ta aluminiyamu kuti tisagwere m'injini. Tiyambe ndi zala, tapu itaima chilili. Tizungulize theka, tibwerere pang'ono, tizungulizenso. Tiitulutse pafupipafupi, tipukute, tipakenso girizi. Apa sipafunika mphamvu. Ikalimba mwachilendo, yaphonya njira. Tibwerere tiyambirenso.

Kumudzi tapu imasowa. Pulagi yakale imathandiza tikaisema ndi fayilo mizere itatu yodutsa mazinga ake. Imayeretsa ndi kuwongola zazing'ono, koma singapange mazinga atsopano.

Tikatha, tizimitse kiyi n'kuponda kiki kangapo bowo lili lotseguka, kuti zotsalira ziuluke.

Nanga mazinga akatheratu, pulagi n'kumangozungulira? Ena amaikulunga ndi waya kapena kuimata ndi guluu. Zimenezi sizikhalitsa. Pulagi iyenera kugwirana ndi mutu, chifukwa magetsi ndi kutentha kwake zimadzera pomwepo. Apa mpofunika makaniko. Iye amakulitsa bowo, amasema mazinga aakulu, n'kuikamo mazinga achitsulo, monga a Helicoil. Tionetsetse kuti kutalika kwake kukufanana ndi mazinga a pulagi: mamilimita 12.7 pa C70, mamilimita 19 pa CG125. Akatulukira m'kati mwa injini amatentha kwambiri ndi kuyatsa petulo nthawi isanakwane.

Pobwezera pulagi, timange ndi zala mpaka ikhale pansi. Sipanala ibwere pambuyo. Pulagi yatsopano imafuna pafupifupi theka la mzungulo. Yakale, imene washala yake inaphwanyika kale, imangofuna kukhwimitsa pang'ono chabe.