Mfuti ndi yako, koma imagona kwa eni

Pa 13 Malichi 2026 zinakwana zaka 30 chichitikireni zoopsa za ku Dunblane, m'dziko la Scotland, komwe munthu wina analowa pasukulu ya pulayimale n'kupha ana 16 ndi mphunzitsi wawo. Mfuti zinayi zomwe ananyamula tsikulo anali nazo mwalamulo, ndipo ziwiri mwa izo zinali ma revolver a .357 Magnum. Mu 1997 boma linaletsa anthu wamba a ku England, Scotland ndi Wales kukhala ndi mfuti zapamanja, ndipo zoposa 160,000 zinaperekedwa kupolisi. Ambiri nkhaniyi amaidziwa kulekeza pamenepo. Chomwe sichikambidwakambidwa n'chakuti lamulolo linasiya kampata ka mfuti zakale, ndipo anthu ochepa omwe amadzera pakampatako akhala akukokanakokana okhaokha mpaka lero.

Kampatako kali pawiri. Mfuti ikakhala kuti inapangidwa chaka cha 1919 chisanafike, ndipo zipolopolo zake sizipezeka wamba, mwini wake atha kupatsidwa chiphaso choti aziisunga kunyumba pamodzi ndi zinzake zomwe amatolera. Koma asadzayerekeze kuwombera nayo, ngakhale kusunga chipolopolo chake chimodzi. Akafuna kumva kulira kwake, mfutiyo iyenera kuvomerezedwa kuti ndi yosowa kapena ili ndi mbiri, kenako ikasungidwe pamalo omwe boma linasankha, ndipo iye azikaipeza komweko. Pageti satuluka nayo. Zili ngati mwini ng'ombe amene ng'ombe yake imagona m'khola la eni: kukama amakama, koma mpaka atagogoda.

Amodzi mwa malo amenewa ali ku Bisley, m'chigawo cha Surrey, kummwera chakumadzulo kwa London. Loweruka lina m'mawa kunafika bambo wina wa zaka za m'ma 70, wovala jekete yothaitha m'zigongono, atanyamula kachikwama ka nsanza ndi botolo la mafuta. Anasaina m'buku, n'kudikira. Wantchito wapamalopo atatulutsa bokosi m'chipinda chokhoma, awiriwo anawerama n'kuwerengera limodzi nambala ya mfutiyo, ngakhale zinkaonekeratu kuti onse amaidziwa pamtima.

M'bokosimo munali Webley Mark VI, yopangidwa ku Birmingham, chaka cha 1916 chitadindidwa pambali pake. Ndi chimfuti chopanda ulemu m'maonekedwe: cholemera kupitirira kilogalamu imodzi, paipi yake yotalika masentimita 15, chogwirira chake chamakona, ndipo pansi pake pakulendewera kamphete komangirira chingwe chomwe msilikali ankakoleka m'khosi kuti isatayike m'matope. Utoto wake wakuda unasuluka m'makona monse mpaka chitsulo kuyera. Apa ndi apo pali kachizindikiro konga mutu wa muvi, komwe boma la Britain linkadinda pa katundu wake. Mfuti za mtundu wa Webley zinalowa m'gulu la asilikali a dzikolo mu 1887, ndipo ndi zomwe akuluakulu a asilikali achingerezi ankamanga m'chiuno m'maiko omwe ankalamulira, ndi Nyasaland yemwe.

Bamboyo sanapupulume. Anakankha kachitsulo ka pambali ndi chala chachikulu, mfuti n'kuthyoka pakati, paipi kuwerama, mabowo asanu ndi limodzi a silinda kuonekera. Anasuzumira m'bowo lililonse ataloza kuwala. Kenako anatulutsa zipolopolo zopakira yekha, zonenepa, zazifupi, mitu yake ya mtovu wofewa, n'kumaika chimodzichimodzi. Kukula kwa chipolopolo chotere ndi .455 ya inchi, komwe ndi pafupifupi mamilimita 11 ndi theka, ndipo mutu wake umalemera magalamu 17. Chimayenda pang'onopang'ono mukayerekeza ndi zamakono, mamita osakwana 200 pa sekondi, pomwe cha .44 Magnum chomwe chinatuluka m'zaka za m'ma 1950 chimaposa pamenepo kawiri.

Kaimidwe kake kanali kachikale. Anaima cham'mbali, dzanja lamanja atalitambasula monga ankaphunzitsira asilikali m'masiku a mfutiyo, lamanzere ali nalo m'thumba la buluku. Anakoka kanyundo ka kumbuyo, silinda n'kutembenuka, kwa! Atawombera, phokoso lake silinali lobaya m'makutu ngati la mfuti zamasiku ano, linali lakuya, lomvekera pachifuwa. Dzanja linangonyamuka pang'ono n'kubwerera. Pa chandamale chapepala panaoneka bowo lalikulu moti munthu ankaliona ndi maso okha ali chiimire pamzere. Zisanu ndi chimodzi zitatha anathyolanso mfutiyo, makoko onse amkuwa n'kudumpha nthawi imodzi, iye n'kuwawakha ndi chipewa chomwe anali atatchera kale pansi pake. Makoko a .455 savuta kutaya koma amavuta kupeza, ndiye lililonse limabwerera kunyumba kukapakiridwanso.

Anaidzaza n'kuwombera maulendo anayi okha n'kuleka. Nthawi yomwe anatha akupukuta inali yaitali kuposa yomwe anatha akuwombera.

Kumbuyo kwake, pabenchi, kunakhala mnzake amene anabwera naye pagalimoto imodzi, ndipo nthawi yonseyi ankangopukusa mutu. Ameneyu ndi wa mbali inayo. Ma Webley ake ali kunyumba, m'sefa, ndipo palibe ndi imodzi yomwe imene inalirapo chibwerere m'manja mwake. Maganizo ake, omwe otolera ambiri amagwirizana nawo, ndi akuti mfuti ya zaka zoposa 100 siyenera kupatsidwanso ntchito. Chipolopolo chilichonse chimadyako pang'ono m'kati mwa paipi. Kachitsulo kotsekera pamwamba kamakhwepa. Sipuling'i ikathyoka, yolowa m'malo mwake imakhala yochotsa ku mfuti ina kapena yosula dzulodzuloli, ndipo kuyambira tsiku limenelo mfutiyo siilinso monga inatulukira ku fakitale. Amati mwini wake wa lero ndi wosungira chabe, ndipo wosungira sadya mbewu.

Ali ndi chitsanzo chomwe satopa kuchitchula. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ma Webley ambirimbiri anagulitsidwa motchipa ku America m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Poti zipolopolo za .455 zinali zosowa kumeneko, amalonda ankapala kumbuyo kwa silinda kuti muzilowa za .45 ACP zomwe zinali mbwee. Koma zimenezo zimaphulika mwamphamvu kuposa momwe Webley anaipangira, moti zina zinakhwepa, zina kung'ambika kumene. Zopalidwazo sizingabwezeretsedwe, ndipo pamsika wa otolera mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi zosakhudzidwa. Kwa bambo wa pabenchiyu, onse omwe anapala ndi omwe amawombera lero nthenda yawo ndi imodzi, yofuna kumva phokoso.

Wowomberayo sanavomere kuikidwa m'gulu limenelo. Akupukuta paipi, anafotokoza kuti opala aja ankasintha mfuti kuti igwirizane ndi chipolopolo, pomwe iye amachepetsa onga kuti chipolopolo chigwirizane ndi ukalamba wa mfuti. Ndipo anati pali zinthu zomwe munthu sangazidziwe poyang'ana m'galasi. Chifukwa chomwe asilikali ankaikondera mfuti yothyoka pakati chimamveka pokhapokha utaona makoko asanu ndi limodzi akutuluka kamodzi, pomwe Colt ya mu 1873 ya m'mafilimu a makauboyi imafuna kutulutsa limodzilimodzi ndi kandodo. Kulemera kwa kachitsulo kokoka ndi chala, ukamawombera osayamba wakoka kanyundo, kumakuuza chifukwa chake kulasa nayo kunkafuna kuphunzira kwambiri, komanso chifukwa chake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 asilikali anasinthira ku mfuti yopepuka ya .38.

Pamenepa, kunena mosapsatira, wowomberayo ali ndi mfundo yolemera. Mark VI inapangidwa yoposa 300,000. Si mfuti yoti ikatha imodzi ndiye kuti mbiri yafafanizika. Nkhawa ya otolera ndi yomveka pa mfuti yosowadi, kapena yolembedwa dzina la msilikali wodziwika nkhondo yomwe anamenya, koma kuifalitsira pa Webley iliyonse ndi kukokomeza. Chomwe chimakulitsa mkanganowu si chitsulo ayi, ndi lamulo. Kumaiko komwe munthu amasunga mfuti yake kunyumba n'kupita nayo kowombera kamodzi pachaka, funsoli aliyense amadziyankha yekha mwakachetechete. Ku Britain uyenera kusankhiratu mbali, n'kuilembetsa pa chiphaso, ndipo munthu akasankha chinthu chomuwawa amafuna kuti mnzakeyo akhale wolakwa. Wosunga kunyumba sanamvepo kulira kwa mfuti yake. Wowombera sangaitulutse usiku n'kumaiyang'ana akumwa tiyi. Aliyense amachepetsa chomwe mnzake ali nacho.

Pali chimodzi chokha chomwe awiriwa anagwirizana msanga, kudandaula za 2021. Mfuti zakale kwambiri, zomwe zipolopolo zake zinasiya kupangidwa, zinkagulidwa popanda chiphaso chilichonse ngati zokongoletsera. Apolisi atayamba kuzipeza m'manja mwa zigawenga, zili ndi zipolopolo zopangira kuseri, boma linachotsa mitundu isanu ndi iwiri pamndandanda wa zosafuna chiphaso, kuphatikizapo .44 Russian ndi .41 Colt. Otolera amati analangidwa chifukwa cha anthu ena. Koma n'kovuta kutsutsa kuti revolver ya m'ma 1880 yosamalidwa bwino imapha chimodzimodzi ndi yatsopano, ndipo zomwe zinkachitika pa chandamale m'mawa umenewo zinali umboni wa apolisiwo, ngakhale palibe anazitchula.

Pamizere ina yapafupi pankalira mfuti zomwe lamulo la 1997 silinakhudze. Ena anali ndi ma revolver othira onga ndi mpira wa mtovu chakutsogolo kwa silinda, achibale a gogodela, ndipo utsi wake woyera unkaphimba mzere wonse. Ena anali ndi ma revolver amakono omwe anawatalikitsa dala kuti asawerengedwe ngati mfuti zapamanja: paipi ya masentimita 30, ndi kandodo kachitsulo kotuluka kumbuyo kwa chogwirira kuti utali wonse ukwane masentimita 60. Abambo awiri aja sanacheukeko n'komwe.

Bokosi litabwezedwa n'kusainiranso, nkhani yawo inapatukira ku zikwama zachikopa zomangira m'chiuno, zingwe za m'khosi ndi tindodo totsukira, zomwe sizifuna chiphaso ndipo aliyense amapita nazo kwawo. Zikuoneka kuti achinyamata omwe amabwera kumisika ya zinthu zankhondo zakale amathera pamatebulo amenewo. Vuto ndi lakuti zikwama zambiri ndi zosokedwa posachedwapa n'kuzidetsa kuti zioneke za 1916, ndipo wa pabenchi uja amati amazizindikira pozinunkhiza. Mnzake amati zimenezo n'zabodza, amangoyang'ana ulusi ngati wina aliyense.