Njira ziwiri zotsukira masese a chimera pofulula mowa

Alimi a ku Mchinji amene mumafulula mowa, shuga wotsalira m'masese mukasefa phala la chimera ndi ndalama yotayika. Pali njira ziwiri zomutulutsira.

Yoyamba: thirani madzi otentha onse kamodzi, takasani, dikirani mphindi 10, kenaka sefani. Njirayi ndi yachangu, koma shuga wina amatsalirabe.

Yachiwiri: thirani madzi pang'onopang'ono pamwamba pa masese, uku akukha pansi. Imatulutsa shuga wochuluka koma imatenga pafupifupi ola limodzi. Mukafulumira, madzi amangodutsa malo amodzi osatsuka masese onse.

Chimera chikadula, sankhani njira yachiwiri. Madzi asatenthe kupitirira madigiri 77, chifukwa owira amatulutsa khambi la m'makoko. Masese otsala dyetsani nkhumba.